Tsiku limene ndinamenya namapopa ndi tsache

Mpaka lero ndikamafika pampopi ku Chilomoni, amayi ena amayamba kutsokomola dala. Ndimadziwa chimene akuseka.

Inali nthawi ija tangoyamba kumene za zipani zambiri. Chisomo wanga anali wakhanda, ine ndili mayi wamantha osaneneka. Mwana akangoyetsemula, ine uyo kuchipatala. Akagonetsa, ndinkamugwedeza kuti ndione ngati akupuma. Ndiye kunabwera mphekesera ya anamapopa, anthu oti amalowa m'nyumba ndi timapaipi n'kukupopa magazi uli mtulo. Anzanga ankangoseka. Ine ndinaikhulupirira yonse.

M'mawa wina ndinamusiya Chisomo ali mtulo, bambo ake ali kubafa, n'kuthamangira kukatunga madzi. Pobwera, chitseko chili chotsegula. Kusuzumira kuchipinda, mayo ine! Mtsikana wachilendo wagwada pafupi ndi mwana wanga, tochi kumanja, kapaipi kukamwa, akuyamwa. Pambali pake pali kabotolo.

Ndowa ndinaiponya pomwepo.

"Anamapopa! Mwana wanga ine! Thandizeni!"

Ndinatola tsache n'kuyamba kumukwapula nalo kumsana.

"Dikirani mayi, ndi udzudzu!"

"Udzudzuwo ndiwe!"

Kabotolo kaja kanagwa n'kutseguka. Pabwalo panali patadzaza kale, mwamuna wina atatola ndi mwala womwe. Bambo a Chisomo anatulukira atamanga thaulo, sopo ali m'makutu.

"Iwe, wapenga? Ndawalola ndine!"

"Munandiuza liti?"

"Ndimati ndikuuza ukabwera!" (Amuna inu, Mulungu akukhululukireni.)

Anatipulumutsa ndi alandilodi athu, Anachisale. Anamuyang'anitsitsa mtsikanayo n'kuwomba m'manja.

"Si Tiwonge uyu, mwana wa a Gondwe ogwira m'boma aja? Wa ku yunivesite? Taya mwalawo iwe, ungatiphere dokotala wamawa!"

Tiwonge anadzisansa fumbi n'kutifotokozera modekha, ngati sindinamumenye n'komwe. Anati amaphunzira sayansi ndipo akufufuza za malungo. Udzudzu ukakhuta magazi usiku umapuma pakhoma, ndiye iye amaukoka wamoyo ndi kapaipiko n'kuuthira m'botolo. M'kati mwa kapaipi muli kansalu koti asaumeze. (Ndinafunsa zimenezo ndine. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma kufunsa ndimatha.)

Tsono udzudzu wonse umene anautolera mumzere wathu wonse unali utathawa, ndipo aphunzitsi ake ankaudikirira. Wathawira kuti? M'chipinda changa chomwecho.

Ndinkayembekezera kuti andilalatira. Iye anangoti, "Pepani mayi a Chisomo, ndikanayamba ndaonana ndi inu. Mwana sanadzidzimuke?" Manyazi ake, abale! Chisomo anali asanadzuke n'komwe.

Kutacha anabweranso, tochi ndinamugwirira ndine. Mwana wa anthu ophunzira, kukwawa pansi pa bedi langa osanyansidwa, akundiuza udzudzu waukazi ndi uti, wamphongo ndi uti. Ndinkangomuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Chaka chisanathe tinamva kuti kafukufuku uja wamupezetsa sikolashipu yokaphunzira kunja, ndege, chakudya, zonse zaulere. Mayi ake anandiitana kuphwando lotsanzikana. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, Chisomo kumsana, kupemphera kuti Tiwonge asandione. Anandiona. Anandikokera kutsogolo, pamaso pa aphunzitsi ake a mataye.

"Awa ndiwathokoze mwapadera. Chilomoni yense, nyumba yawo ndi imene inandipatsa udzudzu wambiri."

Anthu anawomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Ine ndinagwada n'kuthokoza. Ndili panjira yobwerera m'pamene ndinaganiza bwino za ulemu umene ndinalandirawo.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kufunsa ndisanakuwe. Pang'ono pokha. Mwezi wotsatira atabwera a katemera ndi kabokosi kawo, sindinakuwe ayi. Ndinangopiringidza chitseko n'kuwafunsa dzina, kwawo ndi mfumu yawo kudzera pawindo.