Andikaniza Kuyenda Pansi

Lolemba
Ambuye Episkopi andipatsa chaka chopuma pa parishi: miyezi ingapo kusukulu, kenako ulendo wa ku malo oyera. Kalata ikuti kumeneko tizikayenda pansi masiku ambiri, aliyense ndi chikwama chake kumsana. Ine amene ndinasiya kuyenda tsiku lomwe parishi inagula galimoto! Kwatsala sabata imodzi. Ndapangana ndi miyendo yanga: maola awiri m'mawa uliwonse, Loweruka tikwere mpaka ku Misuku, monga ndinkachitira ndili wansembe watsopano.

Lachiwiri
Nsapato, chipewa, ndodo. Ndisanafike n'pamlatho pomwe, njinga zitatu zaima. "Monire, Abambo. Galimoto yafwa?" Ndikufotokoza bwinobwino, iwo akungopukusa mitu mwachisoni. A Silungwe, mkulu wa mpingo, andikweza pa kaliyala mpaka pakhomo.

Lachitatu
Ndazemba, ndadzera m'minda. Andionabe. Makomo anayi: nthochi zophika, tiyi, chinangwa, tiyinso. Njira imeneyi ndinkayenda ndi malemu a Kayange, katekisiti wanga woyamba. Iwo patsogolo, ine pambuyo ndili wefuwefu, akundiphunzitsa moni wa mudzi uliwonse, poti kuno ukangowoloka kamtsinje chilankhulo chasintha. Ndawasowa kwambiri akulu amenewo. Lero kuyenda pang'ono, kukhala maola atatu.

Lachinayi
Nkhani ili ponseponse: akuti Episkopi andilanda galimoto, ndipo "kupuma" kumeneku n'chilango. Galimotoyo ili phee pakhomo, koma akuti ikudikira mwini wake watsopano. Wapolisi wina wa kummwera wandigwira dzanja pamsika: "Limbani mtima, Bambo, nafenso anachita kutiponya kuno."

Lachisanu
Amayi a mpingo alemba ndandanda wa njinga zondinyamula, tsiku ndi tsiku mpaka ndichoke. Wapampando wawo, mayi Nakamba: "Ife tili moyo, Abambo athu ayende pasi ngati alibe wanthu? Yayi." Bondo lakumanzere layamba kuwawa, chikhalirecho silinagwire ntchito.

Loweruka
Ndatuluka m'mawa kwambiri. Pageti pali kale njinga yamoto, ndi a Silungwe ataima ngati mlonda. Phiri limene linkandidyera tsiku lathunthu talikwera tiyi wam'botolo asanazizire. Minda ya khofi ikungodutsa m'maso. Ndaona mwala umene tinkapumirapo ndi a Kayange, tikugawana mbatata imodzi. Ndakuwa kuti tiime, koma woyendetsa sanamve. Zandiwawa mumtima.

Lamulungu
Misa yotsanzikana. Ndanena paguwa kuti palibe chilango, ndi maphunziro ndi mapemphero basi. Aomba m'manja mwaulemu, palibe wakhulupirira. Ulendo wapansi wautali wa sabata yonseyi ndi uwu wochoka kunyumba kufika kutchalitchi, ndiponso chikwama akhristu andilanda panjira kuti andinyamulire. Basi, ndagonja. Ndikaphunzira kuyenda komweko, kumene palibe wondidziwa, palibe woimitsa njinga n'kundifunsa chavuta n'chiyani. Bondo ndilibe nalo mantha. Chikundiopsa n'chimenecho, kusowa wondidziwa.