Womvera Wachitatu wa Wailesi Yanga

Mpaka lero minibasi ikaima pa Zalewa ndimatsitsa chipewa mpaka m'maso. Amayi ogulitsa manachesi pamenepo amandidziwa kuposa mmene ndikanafunira, ndipo mlandu wake ndi wailesi.

Ine ndimakonza mafoni pa Lisungwi, ndipo ndili pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, mayi a Tadala. Chaka chatha ndinali nditapempha chitengwa, kuti ndiwatenge tikakhale kwathu ku Dambe, kumene munda wa malemu bambo ukungomera tchire. Akuchikazi anati adzayankha akakolola. Ndiye inali nyengo yoti munthu uziyenda mwaulemu ngati wasenza mazira.

Nthawi yomweyo mnzanga wina wa ku Joni anandionetsa kuti wailesi ya pa intaneti ukhoza kutsegula ndi foni basi. Ndinaitcha Wailesi ya Pakhonde (kunena zoona inali kuseri kwa kauntala, pakati pa machaja akufa). Ndinkayamba 3 koloko masana, makasitomala akachepa.

Kutsegula sikunavute, chovuta chinali omvera. Linki yake ndinaimwaza ngati mapira: pa Fesibuku, pa Watsapu, m'gulu la mpira, la mpingo, ngakhale la maliro a m'mudzi, kumene anandichotsa tsiku lomwelo.

Tsono pafonipo pamaoneka nambala ya amene akumvera. Tsiku ndi tsiku inkati atatu. Woyamba ndinali ine ndemwe, pa foni ya kasitomala (eti poyesa sipika). Wachiwiri anali mnzanga wa ku Joni uja. Nanga wachitatu?

Abale, chidwi chinandidya. Munthuyu ankalowa 3 koloko yeniyeni, osachoka mpaka nditatseka. Ndinalemba pa Fesibuku kuti, "Womvera wachitatu, dziululeni." Kunali zii. Ndinapempha pa wailesi pomwepo kuti anditumizire ngakhale kachala kokha. Zii. Ndinafunsa mayi a Tadala ngati ndi iwo.

"Ine ndithe bandulo kumvera zimene ndimamva ulere kunyumba?" anatero, osasiya n'kusesa komwe.

Basi ndinangoganiza kuti ndi mwamuna wina wa ku Neno kuno amene ali kutali, wasowa kwawo. Ndinayamba kumutcha "achimwene achitatu". Ndiye pofuna kuti ayankhe, ndinati ndimupatse nkhani yoti mwamuna aliyense sangaugwire mtima. Pulogalamu yake ndinaitcha Mkamwini Alankhule, n'kuilengezanso m'magulu onse aja.

Apa ndiye ndinamasuka, kalanga ine. Ndinawauza achimwene achitatu kuti munda wa apongozi ndaulima zaka zisanu ndi ziwiri popanda ndi zikomo yemwe. Ndinawauza za mbuzi ya apongozi imene inandidyera buluku pachingwe, mlandu wake osaweruzidwa. Mukudziwa kuti kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, ndipo mawu amadzera mwa mkazi. Tsono apongozi anga ali ndi katsokomolidwe kawo kondichenjeza kuti akubwera, ndipatuke panjira. Kameneko ndinakayeserera pa wailesi, katatu, mpaka ndinadziseka ndekha.

Wachitatu uja sanayankhe, koma sanachokenso.

Loweruka la nkhani ya chitengwa linafika. Tinakhala pabwalo m'mawa: ankhoswe anga, atsibweni awo a mayi a Tadala, ndi ine nditakhala pansi, manja pamaondo. Apongozi anakhala chapatali ndi mwana wawo, atatifulatira.

"Pempho lanu tinalimva," anatero atsibweni. "Koma tiyambe taweruza mlandu wa mbuzi, poti akuti unakhalira."

Ndisanapeze poyang'ana, apongozi anatsokomola, katatu, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Uwafunse bambo a Tadala ngati ndatsokomola bwino. Paja katswiri wake ndi iwowo."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Zinadziwika kuti apongoziwo linki ija anaipeza m'gulu la mpingo. Masana aliwonse akamagulitsa manachesi pa Zalewa, ankaika foni m'beseni lachitsulo kuti mawu akule, amayi onse a mzere umenewo n'kuunjikana. Amene ine ndinkamuwerenga ngati munthu mmodzi unali msika wathunthu. Akuti tsiku la kutsokomola lija mayi wina anaseka mpaka kugubuduza mulu wa manachesi.

Chidwi changa, ngakhale pamenepo, sichinafe. Ndinanong'oneza ankhoswe kuti afunse chifukwa chake apongozi sankayankha ndikamaitana pa wailesi.

"Ndikanayankha bwanji?" anatero apongozi, akuuza mwana wawobe. "Kodi mpongozi amalembera mkamwini uthenga? Ine ndinaleredwa."

Atsibweni anandikumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo, ine n'kumangoti inde. Kenaka anafunsa apongozi maganizo awo pa za chitengwa. Iwo anayankha kudzera mwa mwana wawo.

"Zaka zonsezi munthuyu ndimangomumva 'tadzuka bwino, kaya inu'. Ndayamba kumudziwa chaka chino. Ndiye apite kumapiri kumene netiweki imavuta? Ayi, alime kaye dzinja lina kuno. Za zikomo uwauze kuti ndamva."

Munda wa bambo ukumerabe tchire, ndipo zimandiwawa, sindinama. Patapita masiku awiri chikambireni nkhaniyo, mayi a Tadala anandipatsa jumbo yochokera kwa amayi awo. Munali buluku lapakaunjika, ndipo linandikwana ndendende.

Munthu wanzeru akanatseka wailesiyo. Ine ndimatsegulabe 3 koloko, linki n'kuimwaza monga kale. Kungoti nambala ija ikafika pa atatu, ndimavula chipewa, n'kutsika pampando, n'kuulutsa mawu nditakhala pansi.