Futoni Yanga Inaitana Malilo

Anzanga, mukundidziwa ine Amake Tamara wa ku Woodlands, kanthu katsopano kakafika mu Lusaka kamayambila pakhomo panga. Ndiye mwana wanga Tamara, uja ali pasukulu ku Japan, atandiuza kuti kumeneko ngakhale mabwana amagona pansi pa kamatilesi kopyapyala kotchedwa futoni, m'mawa n'kukapinda, ndinati basi, Ba Mwale aona. Ba Mwale ndi mayi wa ku Kabwata amene timapikisana naye kuchigwilizano cha amayi kutchalitchi, iye akasintha makatani ine sindigona.

Ndinagula nsalu ndi thonje ku Kamwala, telala n'kundisokela mafutoni okongola. Loweluka amuna anga Ba Phiri atapita kukakonzetsa galimoto, ndinatulutsa masofa onse panja pa kapinga, mafutoni n'kuyala pabalaza. Fumbi linali lambili, ndiye ndinamanga chitambala chakuda, maso ali psuu, misozi ikungotsika. Ndinatsegulanso nyimbo za kutchalitchi chapansipansi kuti m'nyumba mukhale bata la ku Japan. Kenako ndinakhala pa futoni, kudzijambula, chithunzi n'kuponya pagulu lathu la amayi pa foni, popanda ndi liwu limodzi, kuti nsanje iwagwile bwino.

Nanga inu mukaona masofa panja, matilesi pansi, mayi wa chitambala chakuda maso ofiila, mumati kwagwa chiyani?

Ndinangomva kulila kuchokela pageti. "Mayo ine! Ba Phiri atisiya!" Ba Mwale amenewo, patapata mwendo uno, nsapato mwendo uwo, n'kundigwela pakhosi.

"Iyayi Ba Mwale, ni futoni iyi, ya ku Japan!"

"Khala chete mwana wa amayi, mutu wasokonezeka. Tabwela, suli wekha."

Ndikati ndifotokoze, wina wandipatsa madzi, wina wayambitsa nyimbo. Minibasi inatsitsa amayi a ku Chelstone ndi unga wa nsima, makala ndi kabichi, azibambo atakhala kale pamasofa anga mitu ili pansi. Mpamene Ba Phiri analowa pageti akudya chimanga chootcha, n'kufunsa mkulu wa mpingo mwaulemu, "Pepani atate, wamwalila ndani?" Mkuluyo, munthu woyenda ndi ndodo, anadumpha maluwa anga onse!

Manyazi amene ndinachita sindingathe kuwafotokoza. Koma Ba Mwale, amene ndimafuna kumuumitsa pakamwa, anaseka mpaka kugubuduzika pa futoni yomweyo, n'kudzuka kukaphika kabichi ija, tonse tinadya. Munthu kuthamanga kuchoka ku Kabwata nsapato zosiyana chifukwa cha ine! Mulungu amudalitse mayi uja, makatani ake ndi abwinodi, ndavomela.

Mafutoni tsopano ali kuchipinda, chitseko chotseka. Masofa anga sadzaonanso dzuwa mpaka tsiku lenileni, ndalumbila. Ba Phiri okha ndiwo akudandaulabe, akuti abale awo a ku Kabulonga sanabwele kumalilo awo.