Mlungu Wosaka Zabwino za Mpingo wa ku Lubuto

Lolemba
Abusa abwerako ku msonkhano wa ku Kitwe ndi nzeru yatsopano: tileke kulira, tiyambe kukamba zabwino zathu. Chiyambire mgodi kuchotsa anthu ntchito, timangodzaza mabenchi anayi. Ena anabwerera ku Katete, ena anathawira ku tchalitchi cha m'tenti. Akuluakulu akufuna kutiphatikiza ndi mpingo wa ku Kawama. Ndiye ine mlembi ndizungulire makomo ndi funso limodzi: ndi liti pamene mpingo unakukomerani koposa? Lamulungu ndikawerenge mayankho. Ntchito yofewa!

Lachiwiri
Ndayamba ndi Ba Mwansa, amene anali wamagetsi pa mgodi. Akuti mpingo unkakoma pamene mgodi unkatipatsa mababu, penti ndi basi ya kwaya. Ndawauza kuti abusa akufuna zabwino za ife eni ake. "Tinkadziwa kupempha, mukwai," ayankha ndi ulemu wa Chibemba. Ndalemba.

Lachitatu
Amayi Banda m'mawa, Amayi Chanda masana. Onse atchula maliro a malemu Zulu, amene anamwalira atangochotsedwa ntchito. Azimayi anaphika masiku atatu, azibambo anakhoma bokosi ndi matabwa a benchi. Nkhani yabwino zedi! Koma aliyense akuti anatsogolera ndi iyeyo, ndipo ndikatchula mnzake achoka mumpingo.

Lachinayi
Zabwino zimene ndatola lero:
mbusa wakale, chifukwa ulaliki wake unali waufupi;
tsiku limene denga linadonthera mkulu wa mpingo pamutu;
mthunzi wa mango panja.
Palibe watchulako pemphero.

Lachisanu
Kwaya yamva. Oimba Chinyanja akuti mpingo anaudzutsa ndi iwo. Oimba Chibemba akuti Chinyanjacho ndicho chimagonetsa anthu. Abalalika osaimba ngakhale nyimbo imodzi. Mkazi wanga akuti bola ndikanamuthandiza kugulitsa tomato.

Loweruka
Abusa awerenga kope langa, cholembera chofiira kumanja. Chapulumuka ndi mango okha. Ku msika kwamveka kuti ndikulemba buku la mayina. Anthu amene sindinawaone zaka ziwiri akundipatsa moni ndi manja awiri.

Lamulungu
Tchalitchi chadzaza! A m'tenti nawo abwera kudzamva ngati atchulidwa. Ndisanamalize mzere woyamba, Amayi Banda ndi Amayi Chanda aimirira pamodzi. Phokoso, kulimbirana za amene anatsogolera pa maliro aja. Kenaka Amayi Zulu, mkazi wa malemu aja, akweza dzanja kumbuyo.

"Amene anaphika sindimukumbuka. Ndimangokumbuka kuti mwezi wathunthu sindinadyepo ndekha."

Awiri aja akhala pansi, agawana mpango umodzi wopukutira misozi. Za ku Kawama akuluakulu akuti ziyambe zaima.

Kope langa palibe walifunsa. Abusa athokoza msonkhano wa ku Kitwe, nalengeza kuti tizichita zimenezi mwezi uliwonse. Wozungulira makomo asankha ine, ndili chikhalire pomwepo. Nsapato zatha kale zidendene.