Ndikuphunzira Kusambira pa Foni

Lolemba

Pakamwa panga pandipachika. Dzulo a Namaona, amalume ake a bwenzi langa Esinati, munthu amene mawu ake adzatsegule kapena kutseka ukwati wanga, anandifunsa kuti, "Nanga madzi mumawadziwa, achimwene?" Ine mwana wa m'munsi mwa Michesi, amene madzi akuya kwambiri omwe ndinalowamo ndi a m'bafa, ndinayankha kuti, "Kwambiri!" Ndiye Loweruka tikupita limodzi ku Chilwa kukavuula maukonde. Akuti mkamwini amamuonera pa bwato.

Sinditaya mtima. Yobu, wotchaja mafoni pafupi ndi babashopu yanga pano pa Migowi, wandiikira gemu ya pansi pa nyanja. Sitima yako yamira, ndiye uzipulumutse wekha: saka chakudya, sunga mpweya, thawa zilombo. Pofika Lachisanu ndikhala katswiri.

Lachiwiri

Gemu iyi ndi yokoma, abale! Madzi oyera moti umaona mchenga pansi. Nsomba zamawangamawanga ngati zitenje za pa chinkhoswe. Zomwe ndagwira lero:

mpweya ukamatha foni imafiira, kenako wafa;
ukafuna kutuluka, tsatira kuwala;
chilombo chikabwera, tsikira pansi penipeni, ukhale duu.

Ndafa kambirimbiri. Ubwino wake umadzukanso pompo uli ndi kabudula yemweyo, palibe za maliro. Kasitomala wina ndamumeta mbali imodzi yokha chifukwa shaki, chinsomba chodya anthu, inali pambuyo panga. Wapita akutukwana.

Lachitatu

Lero pa benchi ya pa babashopu pakhala bwalo lozenga gemu. Yobu akuti, "Zithunzi zake ndi zenizeni, koma batire imadya ngati mbuzi m'munda wa nandolo." Aphunzitsi ena odikira kumetedwa akuti ndi chikomekome cha mkuyu: "Munthu adye nsomba yaiwisi, yopanda ngakhale mchere, mphamvu n'kuwonjezeka? Amene anapanga izi sanatsegulepo m'mimba." Mayi ogulitsa zitumbuwa asuzumira pang'ono n'kufunsa kuti, "Nyanja yonseyo yopanda matemba? Nanga ana akudya chiyani kumeneko?"

Onse agwirizana kuti kanyimbo kake kamaopsa bwino. Langa dandaulo ndi limodzi, ndipo sindikulitulutsa pagulu. Munthu wa m'gemuyu amayamba akudziwa kale kusambira. Ndafufuza paliponse, batani lophunzitsa mikono palibe.

Lachinayi

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Foni zii. Ndiye lero ndi maphunziro a thupi: beseni, madzi a pa mjigo, mutu m'kati. Ndikuvuuka ndikutsokomola, ndipo pakhomo paima Esinati ndi dengu lake la tomato.

"Mukutsuka chiyani?"

Ndamufotokozera zonse. Wandiyankha kuti, "Amalume amadana ndi bodza kuposa ulesi. Kawauzeni lero zisanafike patali."

Mtsikanayu ndimamukonda, ndipo mantha andigwira zenizeni. Akandikana a Namaona, ndatha ine. Koma mwamuna angakabweze bwanji mawu kuchikazi, asanamange n'komwe kanyumba kumeneko? Ndamulimbitsa mtima kuti m'gemu ndafika kale ku mapanga a nkhanu zazikulu. Sanaseke.

Lachisanu

Magetsi abwera, tsoka labwera nawo. Gemu yadzikonza yokha n'kufufuta zonse. Nyumba yanga ya pansi pa nyanja, mkondo wanga, nkhokwe yanga ya nsomba, zonse psiti! Ndayambiranso ndi kampeni kobuntha. Yobu akuti, "Vuto lake ndi limenelo, siisunga za munthu." Bwanji osanena Lolemba?

Katundu wa mawa:

chigubu chopanda kanthu, Yobu akuti chimayandamitsa;
thalauza yabwino, chifukwa ndi kuchikazi;
pemphero.

Chigubu ndachisiya. A Namaona angandifunse kuti ndi cha chiyani.

Loweruka

Amene anapanga gemu ija Chilwa sanamuonepo. Madzi ake ngati thobwa! Bwato lopapatiza, ukangoyetsemula limapendama. Foni ndasiyira Esinati kudoko. A Namaona aima kumbuyo, akukankha bwato ndi nsungwi yaitali. Bwanji nsungwi ikufika pansi paliponse pamene tikudutsa? Funso limenelo silinandibwerere. Safunsa anadya phula.

Tili pakati pa bango, china chake chikuti phwaa! m'mbali mwa bwato, mbali yanga yomwe. Chilombo! Thupi lakumbukira maphunziro lisanafunse mutu. Ndakoka mpweya, ndadumpha chamutu, ulendo wa pansi penipeni.

Pansipo pali pafupi. Mutu wonse walowa m'matope, miyendo ikupalasa m'mwamba. Ndikufuna kuwala koti nditsatire, kulibe. Ndikhala duu monga mwa malamulo, ndikutsanzikana ndi Esinati mumtima. Kenako dzanja la a Namaona likundikoka pa lamba.

"Imirirani, achimwene."

Ndaimirira. Madzi akulekeza m'chiuno. Chilombo chija ndi mlamba wokodwa mu ukonde wawo womwe tabwera kudzavuula. Asodzi a mabwato oyandikana nafe aseka mpaka wina wagwetsa nsungwi. A Namaona okha sakuseka. Akungondiyang'ana, n'kundipatsa chipewa chawo kuti ndipukutire kumaso.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, m'makutu mudakali matope. Masana Esinati wafika ndi uthenga wa amalume.

Ukwati ulipo! Za bodza lija akuti nyanja yandilanga kale, iwo sawonjezera. Komanso akuti akamwini odziwa madzi anawatopetsa. Amapita ku zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pakati pa nyanja, n'kutha miyezi osaoneka, akazi akulima okha. "Uyu ndiye wathu," akuti atero a Namaona pamaso pa banja lonse. "Ngakhale mutamupirikitsa, sangawoloke."

Ntchito yanga kuchikazi yapezeka kale: kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga, chakumtunda kouma. Bwato andiletsa ngakhale kuligwira. Kudoko konse akunditchula kuti a Chamutu, ndipo Esinati akuti dzinali lafika kale pa Migowi, labwera pa njinga za ogulitsa matemba. Akunena izi akudziluma mlomo kuti asaseke.

Ndavomera zonse. Mkazi ndapeza, za ulemu tidzaona chaka chamawa. Mawa babashopu nditsegula mochedwa, a pa benchi ayambe aseka okha atope.