Chikhakha Ndachotsa Ndekha

Lolemba
Sabata yachisanu mwendo uli m'chikhakha chigwereni padenga. Adokotala akuti achichotsa sabata ya mawa. Koma ukwati wa mwana wanga Taonga ndi Loweruka lino! Ine kulowa naye m'tchalitchi ndikudumpha pa ndodo ziwiri ngati chule, akuchimuna akuonerera? Ayi. Mapulani: kuchotsa chikhakha, kuyeserera kuyenda masiku awiri, Loweruka kuponda ndi nsapato zonse ziwiri. Amake Taonga asadziwe.

Lachiwiri
Ndikuyesa thalauzi la suti. Likukanira pa chikhakha. Mlamu wanga Ba Sakala abwera kudzandizonda, ati, "Ba mulamu, osavutika, ine ningamupeleke mwana." Iwowa? Munthu amene sanamugulirepo mwanayo ngakhale pensulo. Ndiyambe ndafa.

Lachitatu
Amake Taonga apita kutauni kukatenga diresi. Ndaitana Ba Mumba, kalipentala woyandikana nafe, abwere ndi sowo. Akana kawiri. Kachitatu ati, "Vikavuta ine sinenzeko." Chikhakha chatseguka. Mwendo watuluka wotuwa, woonda ngati mpini wa khasu, fungo lake ndisanene. Koma ndi wanga. Ndayenda kuchokera pampando mpaka pachitseko, thukuta kamukamu. Madzulo onse ndafunda chitenje kumiyendo, ndikunamizira kuzizidwa.

Lachinayi
Mvula yagwa, komboni yathu ya Kanyama yonse ndi dziwe. Anthu ayala midadada m'madzi kuti azipondapo. Ine ndikufuna kukameta, bambo wa mkwatibwi sangakhale ndi ndevu zotere. Mdadada woyamba, bwino. Wachiwiri, bwino. Wachitatu wagwedera. Ndamva kuti phwa m'kati mwa mwendo, kenako ndili m'matope, ndikukuwa ngati mwana.
Takisi yakana kulowa m'madzi. Andikweza pa wilibala ya makala mpaka ku msewu wa tala, komboni yonse ikuperekeza ndi maso. Kuchipatala anesi afunsa komwe kwapita chikhakha. Ndati chinavuka chokha. Amake Taonga angondiyang'ana. Bola akananditukwana.

Lachisanu
Andijambula mwendo. Fupa lathyokanso pomwe paja, tsopano moipirapo. Andipanga opaleshoni, aikamo zitsulo. Ndafunsa ngati angandilole kutuluka mawa maola awiri okha. Adokotala aseka, akuganiza kuti ndi nthabwala.
Zimene ndikunong'oneza nazo bondo: sowo, ndevu, mdadada wachitatu, ndi kusamva kwanga. Ba Mumba foni azimitsa.

Loweruka
Ndili m'wodi, mwendo m'mwamba. Masana wina wanditumizira kanema pafoni. Taonga wakongola zedi. Pambali pake Ba Sakala, mano onse pamtunda, akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense awaone. Avala tayi yanga! Pafupi ndi guwa mwana wacheuka kuyang'ana kuchitseko. Ndaonera kamodzi kokha, ndatembenukira kukhoma. Izi zikuwawa kuposa mwendo.

Lamulungu
Nthawi yoona odwala Taonga wabwera ndi mwamuna wake, anditengera keke m'kapepala. Ndikuyesa kufotokoza kuti sindinkafuna kumuchititsa manyazi ndi ndodo pamaso pa apongozi ake. Wandidula mawu.
"Badadi, munanifunsa? Ine nenzofuna imwe, olo na ndodo."
Sindinamufunse, zoona.
Adokotala akuti mwendo upola pakatha miyezi itatu, ndikamvera. Ndimvera. Koma mwana ndili naye mmodzi yekha, wakwatiwa dzulo, ndipo ine panalibe.