Mmene Ndinakokera Msewu wa pa Katoto

Inu a Mhango, mukuseka chiyani? Mwabadwa dzulodzuloli, phula munalipeza louma kale, ndiye muziuza ine kuti msewu uja unakhota pa Katoto chifukwa cha dambo? Dambo lake liti? Amene anaukhotetsa ndi manja awa!

Nthawi ya chipani chimodzi ndinali ndi tiyirumu yanga pamenepo, ya malata, masikono otentha, madalaivala a malole ochokera ku Nkhata Bay ankadya mpaka kumasula lamba. Tsiku lina kunabwera kainjiniya kophunzira ku Mangalande, kovala kabudula kuzizira konse kuja kwa Juni, kanasuzumira m'kachitsulo kake ka miyendo itatu n'kulemba mtanda wofiira pachitseko changa, ati msewu watsopano udutsa pakauntala penipeni. Masiku amenewo boma likanena sunkayankha, unkawomba m'manja. Ndinawomba, n'kuti, "Yewo chomene, bwana," mtima ukuwira ngati ketulo.

Loweruka anathira phula mpaka pakhonde, katapila n'kumuimika pompo kuti Lolemba agumule. Lamulungu m'mawa, Mzuzu yense ali kutchalitchi, ndinavula jekete, kulavulira m'manja, kugwira msewu kunsonga ngati mphasa n'kuukoka, ndipo unanyamuka wonse, ndi milatho yake, ndi katapila ali pamwamba, ndi wapolisi wina amene ankapalasa njinga osadziwa kuti ali m'malere, mpaka ku Nkhorongo anthu anaona zikwangwani zikuyenda zokha, ine n'kuuponya paphewa, kudutsa nawo kuseri kwa chitunda, kuuyala, kuupondaponda ndi chidendene kuti makwinya athe. Mukumva? Ndikulumbira, phula linandimata m'zikhathomu, mpaka lero sopo akulephera. Taonani!

Lolemba kainjiniya kaja kanatembenuza mapu kanayi, kanapukuta magalasi, kenaka kanakauza akuluakulu kuti ndi nzeru zake, ati ku Mangalande misewu imalambalala matauni choncho. Kabodza kopanda manyazi! Kainjiniyako anakakweza ndi udindo womwe, ine ndikanauza ndani?

Tiyirumu sanaikhudze ngakhale msomali umodzi. Koma ndinakoka mopyola muyeso, a Mhango, mkwiyo uja. Malole onse anayamba kudutsa kutali uko, ine pakhonde kumangomva hutala. Zinandiwawa chomene. Miyezi itatu ndinkadya ndekha masikono anga, mwezi wachinayi tiyirumu ija ndinaigumula ndekha.